Mphiri mu mtolo wa udzu

Lachinayi, mwezi wa Juni, kuno ku Ngauma. Tsiku lozizira, ndipo mtima sunakhale pansi.

Ndinalawirira kudambo kukatenga udzu wofolerera umene ndinamweta dzulo. Ndinaumanga mtolo zala zitauma, n'kudzautula m'nyumba pafupi ndi moto kuti mame achoke.

Masana polowa m'nyumba, ndinangoona mchira wa mphiri ukuchoka mu mtolowo, kulowera kuseri kwa matumba a chimanga. Ndinaisenza ndekha pamutu, mtunda wonse uja!

Amalume atabwera anati, "Nyengo ino njoka imabisala mu udzu n'kuuma ngati chikuni. Siidya, siiyenda, imangodikira dzuwa. Waiothetsa moto wekha, waidzutsa."

Akunena zoona, komabe anandipsetsa mtima. Tinasuntha matumba onse, osaipeza. Amuna anga, bambo a Rosa, ali ku Cuamba kogulitsa fodya, abwera Loweruka.

Rosa wangoyamba kumene kukwawa. Ndamubereka m'chitenje cha kapulana kuyambira masana, akulira kuti atsike, msana wanga watha. Sindimutsitsa ayi.

Dzuwa likulowa, mphepo yayambanso. Pochoka amalume anati njokayo ikazizidwa ifunafuna pofunda. Moto ndazimitsa. Pofunda patsala m'nyumba muno ndi pamphasa pathu pokha.