Njala Yanga Saiwerenga

18 Seputembala
Sikelo m'mawa: makilo 65.8. Pofika pa 29 ndikhale pa 63. Dzira limodzi, nkhaka, khofi wopanda shuga. Bondo lili phee, opaleshoni ija inagwira.

Hadas, mnzanga wa pa sikelo ya 63, akadali patsogolo panga ndi mapointi ochepa, ndipo anawatola ine ndikuyendera ndodo. Ku mpikisano wa judo wa dziko lonse lapansi kumapita mmodzi pa sikelo iliyonse, ndiye ndi iye kapena ine. Mpikisano wa ku Ulaya wa pa 30 ndi womaliza asanasankhe. Ndikangopeza mendulo, ngakhale yachitatu, ndamudutsa. Iye ali ndi zaka 21, angadikire. Ine 30.

20 Seputembala
Chaka chatsopano cha ife Ayuda, kwa Amayi ku Ashdod. Nsomba ya tsabola, kusukusu, maapozi oviika mu uchi. Ine kunyambita uchi wa kunsonga ya chala basi. Amayi akuti, "Rotem, waonda ngati mpini wa tsache. Judo yakoyo ndi imene idzakukwatire?" Azakhali anga a Mazal kuseka mpaka kutsamwa. Ndinathawira pakhonde kuti fungo lisandimalize.

24 Seputembala


Avner, mphunzitsi wathu, watiitana tonse titangomaliza kulimbana. Akuti tsiku la a 63 lagwera pa Yom Kippur, tsiku lathu lopatulika losala kudya, ndiye sitipita, akuluakulu a bungwe la judo atero. Olemera thupi akumenya Lamulungu, iwo apita. Zonsezi amanena maso ali pa foni.

Masiku a mipikisano anatuluka mu Januwale! Yom Kippur sinagwe kumwamba dzulo. Palibe mmodzi wa iwo amene anatsegula kalendala? Akanandiuza kale ndikanathamangira mpikisano wa mwezi watha, bondo lopola kapena losapola.

Ndinati ndipita ndekha, tikiti ndigula ndekha. Avner: "Ukakaima pamphasa tsiku limenelo dzina la dziko lili kumsana kwako, nyuzipepala zitidya tonse amoyo." Avner yemweyu, amene chaka chilichonse pa Yom Kippur amatseka makatani n'kumaonera mafilimu akudya masoseji. Lero wasanduka rabi.

Hadas anangoyang'ana zala zake zakumapazi. Wapambana osagwira munthu kolala.

26 Seputembala
63.9. Ndikupitiriza kudzimana, sindikudziwa chifukwa chake. Ndathamanga kunyanja nditavala majuzi awiri, anthu akundiyang'ana ngati wamisala.

Ndinaimbira Amayi kuti mwina andimvere chisoni. Ndinalemba m'madzi. "Mulungu wakulanditsa ku tchimo, mwanawe, uzithokoza. Tsiku limodzi lokha pachaka sungasale?"

Tsiku limodzi! Ine ndasala kuyambira ndili ndi zaka 17. Paukwati wa mchimwene wanga ndinadya tomato. Ndalavulira malovu m'botolo mundege kuti sikelo itsike. Dziko lonse likasala tsiku limodzi amaliza lipenga ndi kuphika makeke. Njala yanga palibe amaiwerenga, ndipo tsiku lokhalo limene ndikufuna kudya n'kumenya ndi limene andiletsa.

29 Seputembala
Foni kulira kuyambira m'mawa. Aliyense akupepesa dzuwa lisanalowe, Yom Kippur isanayambe, monga mwa chaka chilichonse. Ngakhale mwini nyumba, amene sanakonzebe mpope.

Avner watumiza uthenga umodzi ku gulu lonse: "Ngati alipo amene ndinamulakwira, andikhululukire." Ngati alipo! Sakundidziwa dzina?

Hadas walemba kwa ine ndekha. Sindinayankhe. Amayi akuti munthu akapepesa katatu iwe n'kukana, tchimo limasamukira kwa iwe. Apepese kaye katatuko.

Madzulo, pa ola limene a 63 a mayiko ena akukwera sikelo ku Ulaya, ndakwera yanga m'bafa. 63.0. Ndajambula chithunzi, koma woti ndimutumizire palibe.

30 Seputembala
Yom Kippur: mzinda wathu wa Netanya wonse zii, galimoto palibe, msewu waukulu wadzaza njinga. Ndinapaka humusi pa buledi kuti ndidye mwa dala, ndikhaulitse kumwamba ndi bungwe lomwe. Kukhosi kunakana. Thupi lopusali linazolowera.

Masana kugogoda. Hadas. Wapalasa njinga kuchokera kwawo ku Hadera, padzuwa, asanamwe ngakhale dontho, milomo itachita kung'aluka. Ndinamufunsa pakhomo pomwepo kuti akupepesa chiyani, poti kalendala sanalembe ndi iye. Yankho lake likundilirabe m'makutu: "Avner atanena zija ndinasangalala, Rotem. Mumtima ndinavina. Ndicho ndabwerera."

Ndinafuna kumuponya pa masitepe. Ndinafunanso kulira. Mwana amene ndinamuphunzitsa kumanga lamba! Koma pa onsewo ndi yekhayo amene wandiyang'ana m'maso n'kunena zoona. Ndinamupatsa madzi, anakana. Tinakhala pansi m'khitchini, anjala awiri, mpaka lipenga la kusunagoge linalira. Buledi uja tinagawana.

Mendulo yachitatu yatengedwa ndi mtsikana wa ku Poland amene ndinamugwetsa chagada mu Malichi.

2 Okutobala
Mayina atuluka. Pa 63, Hadas. Ine andiika woti azikonzekera naye, thumba lomenyerapo.

Chabwino. Lero polimbana ndinamugwira Hadas mkono ndi kolala, kutembenuka kamodzi, iye m'mwamba, phi! chagada, holo yonse inamva. Bondo silinanene kanthu. Anadzuka akuseka, akusisita msana. Iyeyo ndamukhululukira, ndamuuza m'bafa.

Avner anawomba m'manja ali kumbali. "Eya, Rotem! Ukanaonetsa zimenezi pa mpikisano, bwenzi tikukamba zina."

Mpikisano wake uti, Avner? Uti?

Ndinamasula lamba, n'kumupinda bwinobwino, n'kumuika m'manja mwake anthu onse akuona. Akuti nditonthoze mtima, tikambirana mawa.

Ndili mu basi ya ku Ashdod. Ndawauza Amayi aphike nsomba ija, mphika wonse.