Munda Umene Anatilonjeza pa Perete

Lolemba, 14 Okutobala 2024

Alamu anga a Levison andipeza kumunda m'mawa. Sanafune n'kukhala pansi komwe. Akuti abale agwirizana, mwambo wondisudzula uchitika Loweruka pa 26. Ndangoti ndamva. Ndikanati chiyani? Mkazi wanga Bernadetta tinamuika m'manda mu Juni, mwana Mulungu sanatipatse, ndiye pano ndatsala ngati chitsa m'munda mwa eni. Mkamwini mkazi akamwalira amamumasula kuti azipita kwawo. Ndimadziwa zimenezo. Koma kudziwa ndi kwina, kuuzidwa tsiku ndi kwina.

Chandiwawa n'choti nthawi yonse akulankhula, maso awo anali pa mizere yanga. Munda wa malemu ndaugalauza wonse ndekha, mizere yowongoka bwinobwino. Akuti, "Mwalima bwino, alamu." Eya, ndawalimira bwino.

Pochoka aponya kamawu: "Inu nkhawa mulibe, si paja boma likupatsani munda wanuwanu?" Sanaseke, koma ndinaona kuti phwete lili pakhosi.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Ndatulutsa kalata ija m'sutikesi. Chaka chachisanu ndi chiwiri chino, mopinda mwayamba kung'ambika.

Tsiku lotsanzikana nafe opuma usilikali, bwana wina wamkulu anaima kutsogolo kwa perete dzuwa likuswa mtengo. Anati ife tonse ochokera kuno tilandira maekala asanu aliyense pa esiteti yakale ija ya kuseri kwa Chongoni, imene mwini wake anaisiya kalekale. Anati dziko siliiwala ana ake. Tinaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Nkhaniyo tinali titaimva zaka zambiri m'mbuyomo ngati mphekesera, koma tsikulo anatipatsa ndi makalata omwe, a chidindo.

Zaka 27 ndikunena "Inde bwana." Bondo lamanzere ndinaliwonongera m'nkhalango za ku Kongo, kulondera anthu amene sindinkamva n'chilankhulo chawo chomwe. Chimene ndinatuluka nacho ndi pepala ili, dzina langa analilembanso molakwika, Gerevasio m'malo mwa Gerevazio.

Lachinayi, 17 Okutobala

Kuofesi ya boma yoona za malo kuja. Ulendo wachingati, ndinasiya kuwerenga. Benchi yake imandidziwa.

Ndapeza mtsikana watsopano, chala chili pafoni. Kalata sanaigwire, wangoisuzumira. "Bambo, fayilo yanu ikadali kulikulu. Mubwere mwezi wamawa." Ndamuuza mwaulemu kuti mwezi wamawa ndidzakhala ndilibe kochokera. Wadzutsa mutu koyamba, n'kunena kuti, "Ndiye mudzachokere kwina."

Ndinamuthokoza. Ine, Sajeni wathunthu, ndinamuthokoza! Usilikali unandiphunzitsa chinthu choipa kwambiri, kuima njo pamaso pa aliyense wokhala kuseri kwa tebulo.

Lachisanu, 18 Okutobala

Bondo. Kumunda sindinapite. Ndilimirenji?

Loweruka, 19 Okutobala

Ndinati ndikadzionere ndekha esiteti ija. Kabaza mpaka pamphambano, kwinako wapansi, njira ya amayi otola nkhuni. Ndinapitako komaliza zaka zinayi zapitazo, kuli tchire lokhalokha, ndipo ndinasankhiratu mumtima mbali ya kumtsinje.

Lero kuli mpanda wa waya, mutu mpaka kumapeto. Mkatimo mbatatesi zobiriwira, mipope ikuwaza madzi mu Okutobala muno ngati kumwamba kwaboola. Dothi lake, Ambuye! Lakuda bii.

Pageti panali mlonda wa yunifolomu yabuluu yomukulira. Nditayandikira anandimenyera sawasha. Kenan! Kopolo Kenan wa gulu langa, amene anaima pambali panga pa perete ija, naye ali ndi kalata yake. Tinakumbatirana. Ndiye ndinati nditsegulire ndione malo athu.

"Sindingathe, a Sajeni. Andichotsa ntchito."

Akuti malowa anagulidwa, chaka chachitatu chino. Ndani? Bwana wina wa m'tauni, nkhope yake sanaionepo, amangoona manijala. Nanga makalata athu? Kenan anaseka, mano awiri otsalawo poyera. Akuti yake anakutira buku la mdzukulu wake.

Kenaka ananong'ona ngati akundipatsa mphatso. Akufuna mlonda wina wamasana, kanyumba kogona kalipo pafupi ndi geti. Akuti amakonda asilikali opuma chifukwa sitiba ndipo sitifunsa mafunso. Ndinalavula pansi. Ndinamuuza kuti kuli bwino ndigone kumanda kusiyana n'kulondera wakuba munda wanga. Sanakwiye. Anangoti, "Nanenso ndinatero."

Lamulungu, 20 Okutobala

Misa ku Kasina. Potuluka amayi awiri kumbuyo kwanga, osadziwa kuti makutu anga akadali akuthwa: "A Sajeni aja akunyamuka liti?" "Loweruka. Nyumba ija alowamo Sophie, mwana wa mng'ono wa malemu." Nyumba imene malata ake ndinakhoma ndekha. Agawana kale ine ndikadapuma.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Ndapita kwathu ku Lobi, kwa mlongo wanga Jestina. Ndinazengereza masabata onsewa chifukwa ndinkadziwa chimene chikundidikira.

Anandilandira bwino, madzi osamba m'manja, nyemba zatsopano. Titadya ndinayamba mozungulira, za mvula, za fetereza, kenaka ndinafunsa ngati pamunda wa malemu amayi pangapezeke kachigawo koti munthu n'kubzalapo. Jestina anayamba kutola nyemba zogwa pamphasa.

"Achimwene, mwaiwala zimene munanena pogawa munda uja?"

Sindinaiwale. Amayi atamwalira ndinabwera patchuthi, nditavala yunifolomu, nsapato zikuwala. Mbumba yonse inakhala pansi pa mkuyu, amalume akuloza malire ndi ndodo. Anandisungira mbali ya kudambo, yabwino kuposa zonse, ati mwana wamwamuna wapaulendo asadzasowe pofikira. Ine ndinaimirira, manja kumbuyo, n'kunena pamaso pa anthu onse kuti, "Gawanani inu osauka. Ine boma lindipatsa wanga." Anthu anaomba m'manja. Amalume anandifunsa kawiri, monga mwa mwambo, ngati ndikusiyadi. Kawiri konse ndinati ndasiya. Anazula chikhomo cha malire anga iwo eni n'kuchiponya kutchire.

Mbali ya kudamboyo lero pali ana aakazi atatu a Jestina, aliyense ndi mwamuna wake ndi ana. Ndinaiona, mizere yafika mpaka m'miyala ya m'phiri, palibe pomwe nkhuku ingapalase. Ndikachotse ndani? Mawu onenedwa pabwalo sabwezedwa ndi mwini wake yemweyo.

Jestina analira. Akuti ndikhoza kumagona m'gowelo ndi anyamata ake, chakudya sindingasowe. Munthu wa zaka 58, mwini mbumba, kugona ndi ana osukulu n'kumadikira mbale kuchokera kwa akamwini a mlongo wanga. Pondiperekeza anati, osati mwachipongwe, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, achimwene." Ndinamaliza ndekha mumtima. Wapachala ngwamphepo.

Amene ananama ndi bwana uja. Koma amene anataya munda ndine, ndi pakamwa pangapa. Ichi ndicho chikundidya kuposa zonse.

Lachinayi, 24 Okutobala

Ndapita kumanda kukatsanzika. Ndazula udzu. Bernadetta ankandiuza chaka chilichonse kuti tigule kamalo ngakhale kakang'ono, ine n'kumati dikira, zikubwera.

Loweruka, 26 Okutobala

Zatha. Sizinatenge ngakhale ola limodzi. Ankhoswe a mbali zonse anakhala pakhonde, kwathu kunabwera Jestina ndi msuweni wathu Gibson. Ankhoswe akuchikazi analankhula bwino, ati ndinasunga mwana wawo, ndinamudwazika mpaka mapeto, alibe nane mangawa. "Takumasulani. Mukafuna kukwatira kwina, njira ndi yoyera." Amayi ena analuluta pang'ono n'kusiya okha, manyazi.

Katundu: sutikesi, wailesi, mabulangeti awiri, njinga yopanda tcheni. Pa khasu panavuta. A Levison akuti linali la malemu. Linalidi lake, langa linathyoka mpini chaka chatha. Ndawasiyira.

Andipatsa sabata imodzi, ati mwaulemu.

Lachitatu, 30 Okutobala

Sophie wabwera kudzayeza mazenera, akufuna kusoka makatani. Anagogoda, n'zoona.

Lachisanu, 1 Novembala

Ndapita kwa Kenan. Sanandikumbutse za malovu aja, Mulungu amudalitse. Manijala ndi mwana wamng'ono, anandifunsa ngati ndimatha kuima nthawi yaitali. Ndinati ndaima zaka zisanu ndi ziwiri. Sanamve.

Lolemba, 4 Novembala

Kanyumba kake n'ka malata mbali zonse, masana ng'anjo, m'mawa chisanu cha Chongoni chimalowa mpaka m'mafupa. Yunifolomu yabuluu, chibonga, wezulo. Lamulo ndi limodzi: wopanda chilolezo cha manijala asalowe, kaya ndi ndani. Tsono ndagona pa esiteti paja. Bwana uja sananame kwenikweni.

Lachinayi, 14 Novembala

Mvula yoyamba inagwa dzulo, dziko lonse likununkhira dothi. M'mawa anthu m'midzi yonse anali m'minda kubzala, ine ndili pageti ndi chibonga.

Cha m'ma 10 ndinaona mayi akukwera njira ya nkhuni ija, khasu paphewa, kathumba kambewu pamutu, matope mpaka m'mawondo. Atayandikira ndinamuzindikira. Ndi amayi a Wezzie, mkazi wa malemu Rafaelo, msilikali mnzanga amene tinkagona naye m'hema limodzi ku Kongo. Rafaelo anamwalira chaka chatha. Achoka ku Linthipe wapansi mbandakucha.

Atandiona anatula thumba pansi, nkhope yonse kuwala. Anagwada n'kuomba m'manja.

"A Sajeni! Ndiye n'zoona! Anthu anandiuza kuti akuonani kuno, mukugona konkuno. Ndinati basi, ayamba kugawa. Bambo a Wezzie ankanena kuti a Sajeni akadzalowa, ifenso talowa, sangatisiye. Mbali yathu ndi iti? Ndingobzalako mizere iwiri lero, mvula isandipitirire."

Yunifolomu yabuluuyi sanaione, kapena anaiyesa ya usilikali. Geti linali lotsegula theka chifukwa thirakitala inali itangotuluka. Manijala anali pakhonde la ofesi, kapu ya tiyi m'manja, akutiyang'ana.

Mayiyo anasenzanso thumba lake, naponda phazi limodzi mkati.

Ndinaimika chibonga patsogolo pawo. Ndinamva mawu anga, amphamvu bwino ngati a pa perete, akuti, "Mayi, kuno n'koletsedwa."