Masamba a m'munda wa Mama Restituta

Lolemba, 13 Novembala
Mbamba Bay, ku Tanzania. Ndafika, mtsuko wa nayitrojeni, madzi ozizira koopsa aja, wafikanso. Njira yonse kuchokera ku Mbinga ndinaufungatira ngati khanda, kondakitala n'kumafunsa ngati muli uchi. Bambo andipatsa kachipinda kuseri kwa duka lawo. Aliyense wodzagula sopo akuuzidwa kuti Jessie akumaliza digiri yachiwiri. Kumaliza kuti? Popanda masamba a chinangwa owumitsidwa ndi kuzizira m'mtsukomu, digiri palibe. Nayitrojeniyo amauluka yekha, utseke usatseke. A Dokotala Amani, ondiyang'anira ku yunivesite, ananeneratu: "Wina sitikutumizira."

Lachiwiri, 14 Novembala
Ku Mbaha pa bodaboda, kabaza wa njinga yamoto, kumunda kwa Mzee Vitus. Chinangwa chobiriwira, pomwe zina zonse zapserera. Anabzala ndi akazi awo, Mama Restituta. Owonda, chifuwa chosalekeza, koma pakamwa pakuthwa. Amafuna kudziwa chomwe ndamangira tinsalu tofiira pa mitengo yawo.

Ndinayesetsa, Chiswahili changa chopunduka. M'tsamba muli enzaimu, dzina lake Rubisco, yogwira mpweya wa kaboni kuti chomera chipange chakudya. Payokha ndi yaulesi. Pali inzake, akitivesi, yoidzutsa. Dzuwa likanyanya, yodzutsayo imafooka, ntchito n'kuima. Chinangwa chawo chikuoneka kuti sichigonja, ndikufuna kudziwa chifukwa. Ndiye tsamba ndilithyole dzuwa lili paliwombo, ndiliponye m'mtsuko pomwepo, enzaimu ziume mmene zinalili.

Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti, "Kumbe! Kani ili ngati amuna angawa, mpaka wina awagwedeze." Ndawakonda mayi amenewa.

Lachinayi, 16 Novembala
Mitambo. Dzulonso mitambo. Masamba a tsiku lozizira alibe ntchito kwa ine. Ndaviika kamtengo m'mtsuko, nayitrojeni watsika ndithu. Mutu waching'alang'ala. Anthu akupempherera mvula, ine ndekha m'boma lonse la Nyasa ndikupempherera ng'amba.

Loweruka, 18 Novembala
Mama Restituta atisiya m'mawa uno.

Kumwamba mbee, kopanda ndi kamtambo komwe. Ndinalira, kenako ndinayang'ana dzuwa, ndinachita manyazi.

Kumudziko maliro akagwa, kumunda sikupondedwa, ukonde suponyedwa, mpaka ataika. Kuika ndi Lachiwiri, akudikira mwana wawo wa ku Dar es Salaam. Ndinangotchula za munda, Bambo anandidula: "Pano ndife obwera. Atisunga zaka zonsezi chifukwa maliro awo timalira nawo." Atumiza thumba la mpunga kusiwa.

Lamulungu, 19 Novembala
Tsiku lonse kusiwa, pamphasa ndi azimayi. Nyimbo za Chikatolika, thukuta, utsi. Dzuwa lomwe ndinkalifunalo, lathunthu, likungopita pachabe. Madzulo kamtengo kananyowa kunsonga kokha. Ndikadikira mpaka Lachitatu, nayitrojeni wotsalayu sadzakwana kuumitsa masamba. Ndaimbira a Dokotala, akuti pole, pepa, bwera nazo zomwe uli nazo. Ndili ndi chiyani ine?

Kupempha Mzee Vitus? Munthu sakudya, sakuyankhula. Ndiyambire pati?

Lolemba, 20 Novembala
Ndapita kumunda.

Bambo ndinawauza kuti ndikukathandiza kuphika. Mtsuko m'dengu, chitenje pamwamba, njira yakuseri. Ntchito yake inayenda bwino kuposa tsiku lililonse la moyo wanga, ndicho chikundiwawa. Thyola, ponya, tseka. Tsamba lililonse likagwera, mtsuko umachita phokoso ngati mafuta pamoto, utsi woyera n'kusefukira pansi.

Sindinaganize za ndiwo. Khamu lonse lija lidya chiyani? Amayi amaloledwa kukathyola chigwada cha pamaliro, ndipo amathyola m'munda wa malemu. Potembenuka, atatu ali chilili ndi malichero. Patsogolo Mama Dorotea, mng'ono wake wa malemu. Ine chogwada pakati pa tinsalu tofiira, magolovesi m'manja, mtsuko ukufuka popanda moto.

Ndinati shikamoo, moni wa kwa akuluakulu. Palibe anayankha. Ndinayamba za Rubisco. Mama Dorotea anachita chizindikiro cha mtanda, onse anabwerera malichero ali opanda kanthu.

Lachiwiri, 21 Novembala
Aika. Sindinapite, Bambo anakana. Anapita okha, anabwera msanga. Akuti pa benchi yomwe anakhala, anthu ankasuntha mmodzimmodzi mpaka anatsala okha. Mawu akuyenda ndi akuti mwana wa Mmalawi anayamba kumanga nsalu m'munda, mayi n'kumwalira, kenako anabwera kudzafukiza.

Bambo sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Mvula yayamba madzulo ano.

Lachitatu, 22 Novembala
Thumba la mpunga talipeza pakhomo, losamasula. Duka lotsegula kuyambira m'mawa, sanalowe ndi wogula machesi yemwe.

Masamba ali bwinobwino, olimba gwa. Ndikakwera basi ya mawa akafika ku labu asanasungunuke. Ndinati nditsale, ndipite kwa Mzee Vitus ndikagwade, ndikawatsegulire mtsuko aone okha kuti muli masamba chabe. Koma ndikatero nayitrojeni wotsalayo athera pomwepo.

Bambo andigulira kale tikiti. Anaiika pa mtsuko osandiyang'ana. Akuti, "Pita ukamalize sukulu yako, mayi. Otsala pano ndife."

Sindinalongedze. Tikiti ikadali pomwepo.