Andipala Dzino la Ulusi

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano? Kuno tilipo, kungoti ine mwana wanu Lameki ndili ndi mkwiyo wosowa poutula, ndiye ndati ndiutule kwa inu. Zilembo zikakhota musadabwe. Mukudziwa kuti m'kalasi sindinapondemo, kulemba ndinaphunzirira pa nsalu ndi choko, posunga miyeso ya anthu.

Ndiyambe ndi zakumudzi musanandifunse. Chimanga cha m'munda wanu wakudambo chachitako bwino chaka chino, ngakhale mvula inadukiza chikuyamba ngaiyaye. Mtedza ndiye ayi, chiswe chinatha. Mlongo wanga Elube bondo lija likumuvutabe, koma pakamwa pali bwinobwino monga munamusiyira. Kwa mng'ono wanga Filipo kwabadwa mdzukulu wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Kulira kwake ndi kuja munkaitanira mbuzi madzulo. Tadala, mwana womaliza wa Elube, wapeza banja. Mavuto anga agona pamenepo.

Nyengo ya nzimbe itangoyamba ndinataya dzino lakutsogolo, lam'mwamba. Linali litayamba kale kugwedera. Tsiku lina masana ndili pa makina anga osokera pakhonde ku Malangalanga, ndinagula nzimbe, kuluma kamodzi, dzino n'kutsalira momwemo. Che Amadu, okonza mawotchi amene timagawana khonde aja, anaseka mpaka kagalasi kawo kapadiso kanagwa. Akuti nzimbe ndiyo inayamba kunditafuna ine. Ndinakumbuka mmene munkandiuzira ndili mwana kuti ndizitseka pakamwa khwangwala angaone gweru, chifukwa akaona dzino silimeranso. Akhwangwala apamsika ndi ambiri, Amayi, ndipo anaona onse.

Ine sindinadandaule. Pa msinkhu wanga dzino limodzi n'chiyani? Koma mdzukulu wanu Esinati, mwana wanga wa ku Area 47 uja, anaitenga ngati maliro. Akuti bambo mwasiya kuseka, mukumaphimba pakamwa ndi dzanja, kutchalitchi mukumangogwedeza mutu nyimbo osaimba. Bodza. Chabwino, mwina ndinkaphimbako pang'ono, chifukwa mawu ena ankatuluka ndi likhweru, moti ndikamauza munthu muyeso wa m'chiuno mwake agalu apamsewu ankacheuka. Koma zimenezo zinali za ine mwini.

Anandinyengerera mpaka ndinakwera galimoto yake kupita ku chipatala cha mano ku City Centre. Adokotala ake ndi mtsikana, msinkhu wa Tadala yemweyu. Anandigoneka pa mpando wopendekeka, nyali kumaso, n'kundijambula m'kamwa. Kenako anayamba kundiyalira malonda awo. Akuti alipo mano ovula usiku n'kuika m'kapu. Ndinakana, ndinaonapo mkulu wina wa mpingo mano akumuthawa pakati pa pemphero. Akuti ilipo njira yoboola fupa n'kumangamo msomali, koma imatenga miyezi. Ndinawauza kuti ine si thabwa. Ndiye anati chatsala ndi chimene iwo amati buliji, kunena kuti mlatho wa mano.

Tamverani mmene amachitira, muone ngati mwana wanu ndapenga. Amatenga mano awiri oyandikana ndi gweru, lina uku lina uku, n'kuwapala mpaka atsale ngati tizikhomo. Kenako amaumba mano atatu olumikizana, a dothi lowotcha longa la makapu a tiyi. Awiri am'mbali amakhala obowoka mkati, amavala pa tizikhomo tija ngati zisoti, lapakati n'kutseka gwerulo. Amamata ndi simenti yawo, osachokanso.

Ndinadzuka pampando paja. Ndinati, "Adokotala, sukulu sindinapite, koma kuwerenga mpaka atatu ndimatha. Lasowa ndi limodzi. Inu mukufuna muwononge awiri abwinobwino?" Ndinawauza kuti ine malaya akang'ambika pamsana sindidula manja onse awiri kuti ndipeze chigamba. Esinati ankangonditsina pamkono.

Koma chimene chinandiwawa sichinali chiwerengerocho, Amayi. Limodzi mwa mano awiriwo linali dzino langa la ulusi.

Inu simufunika kulongosoleredwa. Anzanga akupita kusukulu, ine ndikuchokera kubusa, munkandikhazika pamphasa n'kundipatsa singano ndi sanza kuti ndiphunzire msoko. Nditapempha sizasi munandiseka. Munati sizasi anthu amabwereka osabweza, ndiye ndizolowere chida chimene palibe angabwere kudzapempha. Munaika ulusi pa dzino lakumanzere, kukoka kamodzi, thu. Zaka makumi asanu ndi kuposa ndadula ulusi pa dzino lomwelo, mpaka linachita kamphako, kanjira ka ulusi, kofanana ndendende ndi kanu. Masiku anu omaliza aja, mano anu atatsala owerengeka, lija linalipobe. Munandigwira chibwano, n'kupapasa langa ndi chala, n'kunena kuti pa ana anu onse wosakanika ndi ine. Munda ndi wa Elube, mbuzi zinapita kwa Filipo. Ine changa chochokera kwa inu chinali kamphako kameneko.

Adokotala anakaona. Anandifunsa ngati ndimatsegulira mabotolo. Nditawauza kuti ndi ulusi, anayang'anitsitsa, n'kunena kuti dzinolo lachita mng'alu ndipo layamba kupendekekera kugweru, moti likasiyidwa chomwecho lidzasweka lokha, pomwe chisoti chija chingalisunge. Ndinayankha kuti likafuna kusweka lisweke lili langa. Ndinatuluka, galimoto ya Esinati ndinaidutsa, n'kukakwera minibasi.

Masabata awiri sitinayankhulane. Kenako Loweruka lina anatulukira pakhonde atanyamula nsalu zoti ndisoke za pa chinkhoswe cha Tadala. Za mano sanatchule. Anandipatsa moni mwaulemu, kuyala nsalu, kundiwerengera miyeso. Akunyamuka ndi pomwe anati, "Musavutike, bambo. Tagwirizana ndi azakhali kuti pa chinkhoswe adzayankhule bambo aang'ono a Filipo. Iwo mano ali nawo onse."

Filipo, Amayi. Filipo yemwe pa maliro anu nditamupatsa mpata woti athokoze anthu, anayamba ndi anzake apabawo, mafumu n'kubwera pambuyo, adzukulu okumba manda n'kuwaiwaliratu, mpaka ndinachita kukapepesa ndi nkhuku. Mbumba munaisiya m'manja mwanga, mutandigwira pamkono, Elube akuona. Mwana wa mlongo wanga akapezeke pamaso pa eni mwamuna, womuyankhulira n'kukhala Filipo, ine ndili chete pampando ngati mlendo? Ndinayang'ana Che Amadu kuti andithandize. Iwo maso ali pa wotchi, anangoti a Filipo mawu ali nawo abwino, amamveka patali. Khonde limodzi zaka zonsezi, kundichita zimenezo.

Lolemba m'mawa ndinapita ndekha ku chipatala cha mano kuja. Esinati anandipeza ndili kale pamzere.

Ndisanamizire, mtsikana uja ntchito amaidziwa. Sanayambe ndi kudula, anayamba ndi muyeso. Anandilumitsa chiphala chozizira, chikauma chimasunga maonekedwe a mano onse, n'kuthiramo dothi loyera kuti atulutse chifanizo. Ndinamuuza kuti chifanizo chimenecho, cha mano anga asanakhudzidwe, akathana nacho ndi changa. Anavomera.

Atakonza jakisoni ndinati adikire. Ndinapisa m'thumba la malaya, ndinatulutsa kaulusi kakuda, n'kukaika pa kanjira kake. Thu. Kanaduka bwinobwino ngati masiku onse. Adokotala anangodikira mpaka nditakapinda n'kukabweza m'thumba.

Zotsatirazo sindikufuna kuzikumbuka. Mlomo unachita dzanzi, ululu panalibe, koma kulira kwa kamakina kawo ndi kuja kwa anyamata owotcherera zitsulo kuseri kwa msika, ndipo fungo lake ngati nyanga ya ng'ombe ikupsa. Atatha ndinatumiza lilime kukaona. Linapeza tizitsa tiwiri. Esinati akuti ndinalira. Ndi madzi a makina awo aja, amathovukira kumaso.

Pa mtundu wa mano ndiye ndinawagonjetsa. Anabweretsa kathabwa kokhala ndi timano tambirimbiri, toyera mosiyanasiyana, kuti tisankhe. Esinati analoza loyera mbuu ngati mbale yatsopano. Ndinafunsa ngati akufuna ndizioneka ngati ndabwereka m'kamwa mwa mwana wa sukulu. Ndinawauza kuti ulusi sasankhira m'nyumba pansi pa nyali, amatuluka nawo padzuwa n'kuugoneka pa nsalu. Tinatuluka atatu tonse mpaka poimika magalimoto, ine kukamwa yasa kuyang'ana kumwamba, mlonda wapageti akutiyang'ana. Ndi kagalasi m'manja ndinaloza lofiirira pang'ono, la munthu amene wamwa tiyi zaka zambiri. Adokotala anati ndalondola, ndipo kusukulu kwawo anawaphunzitsanso kuti kuwala kwa dzuwa ndiye kwabwino. Zaka zonsezo kusukulu kuti akamve zimene inu munandiuza pamphasa.

Podikira kuti mano enieni aumbidwe anandiveka ongoyembekezera, apulasitiki, n'kundichenjeza kuti ndisalume cholimba chilichonse, makamaka ulusi. Ndinamva. Koma dzanja silinamve. Tsiku lachitatu ndikupinda buluku la bambo wina wa ku Area 15, mwini wake ataima pomwepo, ndinamaliza msoko, dzanja lokha n'kupereka ulusi kukamwa. Kukoka, ulusi osaduka, mano atatu onse n'kutuluka, kugunda pa makina, kukagwera pa tebulo la Che Amadu pakati pa mawotchi. Iwo anawatola ndi kopanira kawo, kuvala kagalasi, kuwatembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti wotchi ya mtundu umenewu sanakonzepo. Mwini buluku anayang'ana kumsewu, mapewa akugwedezeka. Manowo ndinawakulunga m'kansanza n'kubwerera ku City Centre. Adokotala sanaseke, koma kansalu kawo kakumphuno kankanjenjemera. Madzulo ake Esinati anabwera ndi kasizasi kakang'ono atakamanga pa chingwe, n'kundiveka m'khosi. Ndikuyenda nako mpaka lero ngati mbuzi yothawathawa.

Mano enieniwo atafika anakwana bwino, izo sindingakane. Koma chipongwe chomaliza chinali chisanabwere. Akuti pansi pa dzino lapakatilo pamabisala zakudya, mswachi sufikapo, ndiye tsiku lililonse ndizilowetsapo ulusi wawo woyera ndi kasingano kapulasitiki n'kupukuta. Mtsikana uja anayamba kundionetsa pang'onopang'ono mmene amalowetsera ulusi pa diso la singano. Ine, Amayi. Ndinamulanda, kulowetsa ndisakuyang'ana n'komwe, n'kumubwezera. Ndiye ulusi wodula ndi mano andiletsa, wotsukira andilamula. Ukubwerabe m'kamwa tsiku ndi tsiku, kungoti tsopano umalowa ngati wantchito.

Chinkhoswe chinachitikira pabwalo la nyumba ya Esinati. Ndinaimirira, ndinalonjera mafumu poyamba, kenako akuchimuna, aliyense pa malo ake. Ndinalandira tambala, ndinapereka thadzi, ndinathokoza mpaka amayi amene anali kuseri ndi mapoto. Likhweru silinatuluke ngakhale kamodzi. Tadala anagwada n'kundigwira m'manja, maso ali ndi misozi. Nkhuku ya ankhoswe ndinatafunira kumbali ngati mbuzi, koma palibe anazindikira.

Tikudya, Filipo anandiyandikira n'kufunsa kuti achimwene mano amenewa mwagula kuti. Ndinamuuza kuti asadandaule kuti ndamulanda mpata woyankhula. Anandiyang'ana modabwa, akuti mpata wanji? Palibe anamuuzapo chilichonse. Ndinacheuka kuyang'ana Elube, iye n'kubisa nkhope m'chitenje. Esinati ndiye anali kalikiliki kugawa mbale, osayang'ana kumene ndinali. Anandisoka awiriwa, Amayi, msoko wobisika, ine telala osauona. Mwana ameneyu nzeru zimenezi sanatenge kwa ine kapena kwa mayi ake. Ndi zanu, ndipo ndikudziwa kuti kumeneko mukuseka.

Ndikanali wokwiya. Anthu akuti ndabwerera unyamata, kutchalitchi ndayambanso kuimba, chabwino. Koma lilime langa likumapitabe pamalo paja kukafuna kamphako, n'kupeza posalala ngati kapu. Chifanizo chija anandipatsa. Chili m'kabati ya makina, pamodzi ndi kaulusi kakuda kaja. Kanjira kakuoneka bwinobwino pa dothi loyeralo. Pakakhala palibe kasitomala ndimachitulutsa, ndipo pa chimenechi chokha Che Amadu sanandisekepo.

Mvula isanagwe ndibwera kudzalambula pamanda panu, ndipo ndidzachitenga kuti mudzaone kuti sindinataye mwadala. Tsiku limene ndidzabwere kumeneko osabwereranso, mukadzapapasa n'kupeza mano achilendo, musadzandibweze. Mudzangondipatsa singano ndi ulusi, n'kuona mbali imene dzanja lidzapite.

Kamwana kamene katenga dzina lanu kaja sikanamere ngakhale dzino limodzi. Ndikulonjeza kuti Mulungu akandisunga mpaka kadzathe kugwira singano, ndidzakakhazika pamphasa ine mwini. Sizasi ndidzabisa. Esinati asamve.

Ndine mwana wanu wokukondani, wosakanika uja,
Lameki