Munawalozera Nokha Kumene Tinabisa Upile

South Bend, Okutobala 2006

Okondedwa achemwali a Vainess,

Muli bwanji kumudziko? Mwendo uja waleka kutupa? Ine thupi lili bwino, koma mtima wanga ndi wowawa, ndipo mwauwawitsa ndinu.

Mwana wanu Upile, amene alamu anu a Magdalene anamutenga kuti adzaphunzire kuno kunja, sanapondeko kusukulu. Kwa alamu anuwo ku Lawrence amagona pansi pafupi ndi makina ochapira. Pasipoti anamulanda. Atapsereza malaya a bambo a pakhomopo, anamudinda ayironi pamkono. Chilondacho ndinachitsuka ndi manja angawa atathawitsidwa.

Kuno kuli amayi a mpingo amene amathawitsa ana otere mwakachetechete. Anadikira maliro a Mmalawi wina ku Beech Grove, podziwa kuti pamaliro palibe amene angakanize mwana kukaphika. A Magdalene ali m'kati mwa nyimbo, Upile anatuluka atasenza mapoto, nalowa m'galimoto. Anamusinthitsa magalimoto, aliyense akudziwa khomo lotsatira lokha, mpaka anafika kwa a Flora, mnzanga wa kuchipatala kuno.

Mwanayo analira kuti amayi ake amve kuti ali moyo, ndiye anakuimbirani. Inu munatani? Munauza alamu anu nyumba imene anabisala! Akuti munati mwana woleredwa bwino sachoka pakhomo osatsanzika, wakuchititsani manyazi.

A Magdalene anabwera masana dzuwa likuswa mtengo, foni ili m'manja, inu muli pa foniyo. Munamulamula Upile kuti agwade apepese. Anagwada pa simenti, achemwali. A Flora anamukoka dzanja kuti aitane apolisi, iye anati sanganyoze mawu a amayi ake. Analowa yekha m'galimoto. Amene anamuona kutchalitchi akuti amumeta mpala.

Ulemu wanji umenewu? Mkonowo munauona inu?

Amayi aja akuti ayesanso, koma ulendo uno ngakhale ine sandiuza kumene apite naye, chifukwa ndine m'bale wanu. Ndavomera. Mukadzamva kuti wasowanso, chonde musamufunefune, musafunse munthu. Sadzakuimbirani. Mukangoona kuti kuli zii, dziwani kuti mwana wanu wapulumuka.

Mulungu akusungeni, akufewetseninso mtima. Mundiperekere moni kwa amalume ndi ana onse.

Ndine mng'ono wanu,
Evelina