Kumanda Kokha Sikunagumuke

Nyampande, Petauke
Febuluwale 1958

Mphwanga Febian,

Moni kuchokela kuno kumudzi. Kaya iwe kumigodi ya ku Wanki uko? Ine ndilipo, mwendo wokhawu ndiwo uvuta.

Paja mitengo ya paphili ija tinatema yonse kuti tilimepo nshawa, ati sizibala pamthunzi. Ha, tikanaisiya! Mvula ya sabata latha, mwanawe, phili linatsika ndi matope mpaka m'mudzi. Nkhokwe zapita, mbuzi zapita. Kumene sikunagumuke ndi kumanda kokha, poti kumeneko munthu salowa ndi nkhwangwa.

Nyumba ya mlongo wako Olipa udziwa pamene inali, kumunsi kwenikweni. Matope anamupeza m'nyumba, ndipo tamupelekeza kumitengo ya kumanda komweko. Ana ake ali kwa ine, ndipo akudya ndithu.

Pempha tchuthi kwa azungu akowo, ubwele. Ine ndakalamba, anawa malume wao ndiwe.

Ndine malume wako,
Ezekiel