Nkhani Yanu Ndinaifotokoza Ngati Yanga

Okondedwa Asisi,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi bondo la Amayi lija likuwasautsabe, kapena mankhwala opaka aja anathandizako? Nanga inu msana? Paja mumati ukumakugwirani mukakhalitsa pa makina osokera. Ine m'thupi ndili bwino, koma mumtima ayi.

Mwina mukudabwa kuti ndalemberanji kalata pomwe foni ilipo. Ndinakuimbirani katatu sabata yatha, ndipo katatu konseko tinangokamba za mvula ndi za sukulu ya ana. Ulendo wachitatu munandifunsa ngati ndadwala chimfine poti mawu anga ankamveka okakamira. Sichinali chimfine, anali mantha. Kalatayi ndimupatsira dalaivala wa basi ya mawa kuti ikupezeni Lachitatu, chifukwa Loweruka mudzalandira foni kuchokera kwa mayi wina amene simukumudziwa, ndipo sindikufuna kuti mudzamvere kwa iye zimene muyenera kumva kwa ine.

Kuntchito kuli monga mwa masiku onse. Tikuchapabe ndi kusita nsalu za ku hotela m'chipinda chapansi chija chopanda zenera. Makina amodzi owumitsira anafa mwezi watha, ndiye tikuyanika pazingwe m'khonde la kuseri, alendo asaone. Kunyumba mpope unasiya kudontha, eni nyumba anachita kubwera okha ndi sipanala atatopa ndi madandaulo anga. Izi ndangolemba kuti ndichedwe kufika pa nkhani yeniyeni, inunso mwaona kale.

Ndili ndi mnzanga amene timasita tebulo limodzi. Timamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake palibe chozimitsira. Iyeyu ndiye ananditengera ku kabungwe kena kamene kamakumana Lamlungu masana, m'chipinda chapamwamba pa laibulale. Si ka tchalitchi, si ka ndale, ndipo sikapanga phindu lililonse. Ntchito yake ndi kuphunzitsa anthu wamba ngati ife kuimirira pamaso pa anzawo n'kufotokoza chinthu chimene chinawachitikiradi. Muli mipando yapulasitiki makumi atatu, kapeti wong'ambika pakhomo, ndi maikolofoni imodzi yomangidwa ndi tepi. Malamulo ndi ochepa: nkhani ikhale yoona, ikhale yako, usawerenge papepala, ndipo isapitirire mphindi zisanu. Amene amayang'anira ndi mphunzitsi wopuma ntchito. Timawatcha Amayi a Belu chifukwa nthawi ikakwana amaliza kabelu kakusukulu, ngakhale munthu ali pakati pa kulira.

Miyezi iwiri ndinkangokhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko, kumvetsera. Ndinamva mlonda akufotokoza mmene anatsegulira geti mwana wake amene anamuthamangitsa yekha. Ndinamva namwino akuulula tsiku limene anathawa m'chipinda cha odwala n'kukabisala m'chimbudzi. Ndinkawasirira anthu amenewa, Asisi. Ankakhala pansi akupuma ngati munthu wotula mtolo.

Mayina a ofuna kulankhula amaponyedwa m'chipewa. Lamlungu lina Wailesi analemba langa osandiuza, akuti pofuna kundichotsa manyazi. Dzina langa linatuluka m'chipewamo. Ndinaimirira kutsogolo kuja, ndinafunafuna m'moyo wanga wonse, ndinangopezamo nsalu zapabedi ndi simbi. Kenako pakamwa panga panatseguka, ndipo nkhani imene inatuluka inali yanu.

Mukukumbuka zimene munandiuza tsiku lachitatu titaika Abambo, tili awiriwiri kuseri kwa nyumba tikutsuka mbale za anthu a pamaliro. Munati Abambo, munthu amene anameta anthu zaka makumi atatu, atafa dzanja lamanja ndi lilime ndevu zawo zinakula mpaka ankatembenukira kukhoma alendo akabwera. Munati m'mawa wina, Amayi atapita kumsika, munatenga lumo lawo lakuntchito ndi kaburashi kaja, munawakhazika pampando pakhonde, n'kuyamba kuwameta. Iwo ankakulozerani ndi chala chakumanzere poyambira ndi potsirizira, ngati akuphunzitsa wophunzira ntchito. Munawacheka pansi pa chibwano, magazi anatuluka, inu munayamba kulira, koma iwo anaseka. Kunali kuseka koyamba m'miyezi isanu, ndipo patangopita masiku awiri anatisiya. Munati nkhaniyi simunauzeko munthu, ndipo ikhale ya ife awiri.

Ndinafotokoza zonsezo pamaso pa anthu makumi atatu, koma paliponse pamene panali inu ndinaikapo ine. Ndinati ndine ndinatenga lumo, ndine ndinawacheka, ndine ndinawamva akuseka. Ndipo sindinalekere pomwepo. Ndinati ndili ndi mng'ono wanga kutauni amene anaitanidwa katatu osabwera, akuti akuntchito amukaniza tchuthi. Ndinamunena mng'ono ameneyo ndi ukali umene unandidabwitsa ndekha.

Nditamaliza ndinali nditapitirira nthawi, koma belu silinalire. Bambo wina woyendetsa magalimoto akuluakulu anabwera kudzandigwira dzanja, nati bambo ake akhala akudwala zaka ziwiri iye osakawaona, ndipo chifukwa cha ine apita sabata yomweyo. Mayi wina anandikumbatira nati mng'ono wotereyo ndi wouma mtima, ndisamadzivutitse naye. Ine ndinagwedeza mutu kuvomereza. Chimene chikundichititsa manyazi koposa n'chakuti zinandikomera. Masana amodzi okhawo ndinali mwana wabwino wa Abambo. Paja amati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Ndinkaganiza kuti zithera m'chipinda momwemo. Sindinkadziwa kuti kawiri pachaka kabungweka kamasankha nkhani zisanu ndi imodzi kupita nazo ku holo yaikulu ya zisudzo, ya mipando mazana asanu, kumene amajambula mawu ndi zithunzi n'kuziika pa wailesi ndi m'mafoni. Yanga anaisankha. Ndinati ndikane, ndinanena kuti ndine wamanyazi, koma Amayi a Belu anati amanyazi ndiwo amanena zoona, ndipo anthu onse anaomba m'manja. Wailesi anali atauza kale chipinda chonse chochapira, mpaka kapitawo wathu ananena kuti adzabwera ndi akazi ake.

Tsopano Lachinayi lililonse, tsiku langa lopuma, ndimapita kukakonzekera ndi Amayi a Belu. Timakhala awiri, iwo ndi kope lawo, magalasi ali pamphuno. Safuula, sakalipa, amangofunsa. Anandifunsa kuti sopo wake ankanunkhira bwanji. Anandifunsa ngati madzi anali ofunda kapena ozizira, ndi kuti ndinayambira tsaya liti. Anandifunsa chimene ndinapukutira magazi. Izi simunandiuze, Asisi, ndiye ndimangopeka, ndipo bodza lililonse limafuna linzake loti liligwirizize. Sabata ina ndinati thaulo, sabata inayo ndinati mpango. Iwo anakweza maso pamwamba pa magalasi, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kulemba kanthu m'kope muja. Ndinatuluka thukuta mpaka bulauzi inamatirira kumsana.

Lachinayi lathali ndiye anandiuza za lamulo limene sindinkalidziwa. Nkhani isanapite ku holo yaikulu amaimbira munthu amene watchulidwamo, kuti atsimikize kuti zinachitikadi, komanso kuti asamunene munthu pagulu iye alibe poyankhira. Anati akufuna nambala ya mng'ono wanga uja. Ine mng'ono ndilibe, mukudziwa, ndine mzime. Ndikanatha kuulula pomwepo. M'malo mwake zala zanga zinalemba nambala yokhayo imene ndimaidziwa pamtima, yanu. Anati adzaimba Loweruka likubwerali m'mawa, adzalankhula nanu mwaulemu, adzafunsa ngati mukulola kutchulidwa, ndipo mukafuna muwauze mbali yanu, chifukwa chimene simunabwerere Abambo akudwala.

Taganizani, Asisi. Inu amene munafunditsa nsalu makina anu miyezi isanu, amene munkawatembenuza Abambo pabedi kuti asatuluke zilonda, amene munkawamwetsa ndi supuni madzi n'kumatayikira pakhosi, mlendo adzakufunseni chifukwa chimene simunabwerere. Ndikaganiza zimenezi chakudya sichilowa. Dzulo ndinapsereza nsalu yapatebulo nditaiwala simbi pamwamba pake, kapitawo anandifunsa ngati ndikudwala. Foni ya munthu aliyense ikalira m'chipinda chochapira ndimadzidzimuka ngati yanga.

Ndikuopa zambiri. Ndikuopa maso a Amayi a Belu. Ndikuopa bambo woyendetsa magalimoto uja, amene anapitadi kwa bambo ake ndipo tsopano akandiona amandivulira chipewa. Ndikuopa pakamwa pa Wailesi, poti zikadziwika pofika Lolemba ngakhale ophika a ku hotela adzakhala atamva. Koma zonsezi ndingazipirire. Chimene sindingapirire ndi inu kukhala chete pa foni, monga mumachitira mukapwetekedwa kwambiri, kenako n'kunena kuti palibe kanthu.

Funso limene adzakufunsanilo ndi langa, choncho yankho lake ndilembe pano. Akuntchito sanandikanize tchuthi. Sindinapemphe n'komwe. Mutandiimbira kachiwiri ndinalongedza chikwama, ndinapita kokwerera basi, tikiti ndinagula. Nditakhala pa benchi ndinatsegula chithunzi chimene munanditumizira, Abambo ali pabedi pakamwa patapotoka, diso limodzi litagwa. Sindinawazindikire. Ndinachita mantha, Asisi, mantha a kamwana. Ndinkafuna Abambo anga ovala jekete yoyera, onunkhira sopo, oseka ndi makasitomala. Basi inadzaza ndikuiona, inanyamuka ndikuiona, ine ndili pa benchi chikwama chili pamiyendo. Ndinabwerera kunyumba n'kukulemberani uthenga woti kapitawo wakana. Mutaimba kachitatu ndinabwereza bodza lomwelo. Chaka ndi theka tsopano Amayi akumutukwana kapitawoyo, munthu wosalakwa, ine n'kumawamvera osanena kanthu.

Ndiye mukuona kuti pa nkhani yonse imene ndinafotokoza, mbali yanga inali imodzi yokha, ya mng'ono uja, ndipo ngakhale imeneyo sindinainene yonse. Ndinakuberani chinthu chokhacho chimene Abambo anakusiyirani inu nokha. Sindikudziwa mawu opepesera chinthu chotere. Pepani ndi kamawu kakang'ono, koma ndilibe kena.

Lachinayi likubwerali ndikufuna kukawauza Amayi a Belu zoona zonse kuti foniyo isalire. Koma ndisakunamizeninso. Lachinayi lapitalo ndinakwera masitepe a laibulale ndi mawu amenewa m'kamwa, ndipo ndinatsika nawo. Lachinayi linalo chimodzimodzi. Ndikudzidziwa tsopano kuti ndine munthu wokhala pa benchi basi n'kupita.

Pempho langa ndi limodzi. Foni ikadzalira Loweruka, dziwani kuti ndalepheranso, ndipo musadzandibisire. Ndikukudziwani, Asisi. Ndili wamng'ono nditaswa galasi lalikulu la m'shopu ya Abambo munati ndinu, n'kulandira chikwapu changa. Ndikuopa kuti mayi uja akadzakufunsani mudzavomera kuti inde, ndinu amene simunabwere, pofuna kuti mng'ono wanu asachite manyazi kutauni. Chonde musadzatero. Mudzawauze kuti ndinu mkulu, kuti lumo linali m'dzanja lanu, ndi kuti nkhaniyo mwini wake ndinu, muilole kapena muikanize monga mufunira. Mukadzandibisira ulendo uno ndidzakwera pa nsanja ija pamaso pa anthu mazana asanu n'kukutukwanani pa mlandu wanga, ndipo sindidzathanso kulowa m'nyumba mwanu.

Amayi musawauze kanthu. Zimenezo ndiyenera kuwauza ndekha, nditakhala pansi pamaso pawo. Mawa ndikangopereka kalatayi kwa dalaivala ndikalowa mu ofesi ya kapitawo kukapempha tchuthi, kupempha kwenikweni.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti asamanyamule zolemera. Moni kwa alamu, kwa ana onse atatu, makamaka wamkuluyo amene akulemba mayeso, kwa azakhali ndi kwa amalume ngati abwerako kuchipatala. Inu sindikudziwa ngati mulandira moni wanga mukamaliza kuwerenga, komabe ndaupereka.

Tsalani bwino, Asisi.

Ndine mng'ono wanu amene sanabwere,
Mzime